Kuona za kunyumba muli kutali: zomwe DDNS imatha ndi zomwe siyingathe

Mabanja ambiri a ife olankhula Chichewa kuno ku Harare ndi omwazikana. Makolo ali ku Mufakose kapena ku Mabvuku, mwana woyamba ali ku Johannesburg, wina ku Leeds, ndipo chaka sichitha popanda wina kukwera basi yodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza kupita ku maliro kapena ku ukwati kumudzi. Nyumba imatsala ndi mlonda, kapena ndi mwana wa sukulu, apo ayi imatsala yokha. N'chifukwa chake makamera achuluka m'mipanda yathu, ndipo ena awonjezera zida zina zomwe amafuna kuziona ali kutali: inverter ya sola yosonyeza moto wotsala m'mabatire, kompyuta yosungira mabuku a shopu, ngakhale kachipangizo kotsegulira geti.

Zonsezi zimayenda bwino munthu akakhala pakhomo, foni yake ili pa Wi-Fi ya m'nyumba. Akangokwera kombi kulowera m'tauni, chithunzi chija chimasowa. Akafunsa odziwa, yankho limabwera lalifupi: "Ikani DDNS." DDNS ndi njira yopatsa nyumba yanu dzina losasintha pa intaneti, ndipo yankholi si labodza. Koma DDNS imathetsa vuto limodzi lokha mwa mavuto atatu omwe ali pakati pa foni yanu ndi kamera yanu, ndipo pa mitundu ina ya intaneti yomwe yafala mu Harare masiku ano, DDNS siyithandiza ngakhale pang'ono.

Tiyambire pa manambala. Makina akamalankhulana pa intaneti sadziwana maina, amadziwana manambala otchedwa adiresi ya IP. Mtundu womwe ukugwirabe ntchito kwambiri ndi IPv4, womwe malamulo ake analembedwa mu 1981: zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho, chigawo chilichonse kuyambira 0 mpaka 255. Maadiresi onse otheka ndi pafupifupi 4.3 biliyoni. Pa nthawiyo nambalayi inkaoneka yosatha, koma anthu padziko tapitirira 8 biliyoni, ndipo ambiri tili ndi zida zoposa chimodzi. Bungwe la IANA, lomwe limagawa maadiresi padziko lonse, linapereka zigawo zake zomaliza pa 3 February 2011. Kuno ku Africa amagawa ndi a AFRINIC, omwe likulu lawo lili ku Mauritius. Iwo ndiwo anachedwa kutheredwa kuposa anzawo a m'makontinenti ena, koma kuyambira 2017 nawonso anayamba kugawa moumira.

Kusowa kwa maadiresiku kunabala zinthu ziwiri zomwe zikukhudza nyumba yanu. Choyamba, zida za m'nyumba sizipatsidwa adiresi yodziwika ndi dziko lonse. Rauta yokha, kabokosi kopereka Wi-Fi m'nyumba, ndiyo imapatsidwa adiresiyo, kenako rautayo imagawira foni, TV ndi makamera manambala a m'kati, kawirikawiri oyamba ndi 192.168. Manambala amenewa anapatulidwa mu 1996 kuti azigwira ntchito m'kati mwa nyumba ndi maofesi basi. Kamera ya Hikvision ikamachoka ku fakitale imakhala pa 192.168.1.64, ndipo nambala yomweyo ikupezeka m'nyumba zosawerengeka ku Harare, ku Lusaka ndi ku London. Mukailemba pa foni muli ku Blantyre, foniyo imafufuza m'nyumba momwe mwafikiramo, osati kwanu ku Highfield.

Chachiwiri, adiresi ya kunja yomwe rauta ili nayo si yanu. Kampani ya intaneti imangokubwerekani. Nthawi yobwerekayo ikatha, kapena rauta ikazima n'kuyakanso, mutha kupatsidwa ina. Kumene magetsi sazimazima, adiresi imatha kukhala miyezi osasintha. Kuno n'kwina. Tonse tikukumbukira kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, pomwe magetsi ankatha kuzima maola 18 patsiku n'kumabwera usiku anthu atagona. Rauta yozima ndi kuyaka chonchi siyingadalirike kuti nambala yomwe munalemba m'kabuku dzulo ikhalabe yomweyo mawa.

Kusintha kwa adiresiku ndilo vuto loyamba, ndipo apa ndiye polowera DDNS. Kuyambira 1983, pomwe Paul Mockapetris anakonza njira ya DNS, intaneti ili ndi kaundula womasulira maina kukhala manambala. Mukalemba dzina la webusaiti, foni yanu imayamba yafunsa kaundulayu kuti dzinalo lili pa nambala iti, ndiyeno n'kupita kumeneko. Makampani akuluakulu manambala awo sasinthasintha, motero kaundula wawo amalembedwa kamodzi. DDNS ndi kaundula yemweyo, koma wolembedwanso nthawi iliyonse nambala ikasintha. M'rauta, kapena m'makina ojambulira a makamera omwe amisiri amati DVR kapena NVR, mumakhala kapulogalamu kakang'ono komwe ntchito yake ndi kuyang'anira adiresi ya kunja. Kakaona kuti yasintha, kamatumiza uthenga ku kampani ya DDNS pamodzi ndi dzina lanu ndi mawu achinsinsi, kampaniyo n'kukonza kaundula. Zili ngati munthu wa lendi yemwe amasamukasamuka, mwezi uno ku Glen Norah, mwezi wamawa ku Budiriro, koma akangosamuka amakauza mlembi wa mpingo. Womufuna safunika kuloweza nambala ya nyumba, amangofunsa mlembi.

Pali kanthu kamodzi kochititsa kuti njirayi itheke. Yankho lililonse la DNS limabwera ndi nthawi yomwe makina ena angalisunge asanafunsenso, yotchedwa TTL. Pa mawebusaiti wamba nthawiyi imatha kukhala maola angapo. Makampani a DDNS amaichepetsa kufika pa masekondi 60 kapena kuyandikira pamenepo, kuti adiresi ikasintha dziko lonse lidziwe msanga. Choncho magetsi akabwera, musathamangire kuweruza kuti zinthu zafa. Dikirani rauta iyake, ilumikizane, itumize uthenga, yankho lakale lithe mphamvu. Mphindi zisanu zimakwana.

Makampani opereka maina amenewa alipo ambiri, ndipo mbiri yawo ili ndi phunziro kwa wosankha. DynDNS ndiyo inali yotchuka kwambiri, moti mpaka lero marauta akale amaisonyeza pamwamba pa mndandanda. Koma inasiya kupereka maina aulere mu May 2014, ndipo mu 2016 kampani ya Oracle inalengeza kuti ikuigula. No-IP ikuperekabe maina aulere othera ndi ddns.net kapena hopto.org, koma imafuna kuti muzitsimikizira dzina lanu masiku 30 aliwonse kudzera pa imelo. Kwa munthu wokhala pa kompyuta tsiku ndi tsiku si nkhani. Kwa munthu amene wapita ku Ntcheu kukadwazika mayi ake, kudera komwe netiweki imapezeka pachulu, imelo imeneyi imadutsa osaiona, dzina n'kufa pa nthawi yomwe amalifunitsitsa. DuckDNS ndi yaulere, imalola maina asanu, ndipo ilibe zotsimikizira mwezi ndi mwezi. Opanga marauta ena amapereka awoawo: MikroTik ya ku Latvia, yomwe amisiri athu ambiri amaikonda, imapereka dzina lothera ndi sn.mynetname.net mukangotsegula IP Cloud, pomwe TP-Link ili ndi tplinkdns.com ndipo Asus ili ndi asuscomm.com. Ine ndimakonda a m'rauta momwemo chifukwa ena mwa iwo safuna akaunti ina yoiwalika, koma dziwani kuti mukasintha rauta, dzinalo limapita nayo.

Dzina laulere si lanu, ndi la mwini wake. Pa 30 June 2014 kampani ya Microsoft, itatenga chilolezo cha khoti ku America, inalanda maina akuluakulu oposa 20 a No-IP omwe maina aulere a anthu amathera nawo, ponena kuti mbava za pa intaneti zinkawagwiritsa ntchito pofalitsa mapulogalamu oipa. Anthu ochuluka osalakwa anadzuka n'kupeza makamera ndi maseva awo sakufikika, mpaka mainawo atabwezedwa patapita masiku ochepa. Amene bizinesi yake ikudalira njirayi angachite bwino kugula dzina lakelake, n'kumalikonza ndi kapulogalamu monga ddclient.

Dzina lakufikitsani pageti, nanga wotsegula ndani?

Vuto lachiwiri ndi ili: rauta imakana mlendo aliyense wochokera kunja yemwe sanaitanidwe ndi chida cha m'kati. Ndi mmene inapangidwira, ndipo ndi zabwino. Kuti foni yanu ilowe, muyenera kuiuza rauta kuti uthenga wofika pa kakhomo ka nambala yakutiyakuti, kotchedwa port, uzipita ku chida chakutichakuti. Amisiri amati port forwarding. Ma port alipo 65,535, ndipo chida chilichonse chili ndi omwe chimamvetsera: makina a Hikvision amagwiritsa ntchito 8000 polankhulana ndi pulogalamu yake ndi 554 potumiza kanema, pomwe a Dahua amakonda 37777.

Pamenepa pali msampha womwe umakola anthu ambiri kuno chifukwa cha magetsi omwewa. Manambala a m'kati nawonso rauta imangobwereketsa. Magetsi akabwera, zida zimadzuka mosatsatana, ndipo nambala yomwe dzulo inali ya DVR lero itha kutengedwa ndi foni ya mwana. Lamulo lomwe munalemba m'rauta likulozabe nambala yakale, ndiye mlendo wanu akuperekezedwa ku chida cholakwika. Mankhwala ake ndi osavuta: m'rauta muli malo omangirira nambala imodzi ku chida chimodzi mpaka kalekale, otchedwa DHCP reservation kapena address reservation. Komanso poyesa ngati zatheka, zimitsani Wi-Fi pa foni muyese ndi bandulo. Marauta ena salola munthu wa m'kati kutuluka n'kubwerera kudzera pa dzina la kunja, ndiye mutha kutaya tsiku lonse mukukonza chinthu chosawonongeka.

Ngati muli ndi marauta awiri, ya kampani ndi yanu yomwe munaigula kuti Wi-Fi ifike kuchipinda cha kumbuyo, ndiye kuti mageti ali awiri. Muyenera kutsegula onse, kapena kupempha kuti ya kampaniyo iikidwe pa bridge mode kuti yanu ndiyo ilandire adiresi ya kunja.

Vuto lachitatu ndilo lalikulu, ndipo n'lomwe ndinafuna kuti tikhalepo

Maadiresi atapitirira kusowa, makampani a intaneti anachita pa makasitomala awo zomwe rauta imachita pa zida za m'nyumba. M'malo mopatsa nyumba iliyonse adiresi ya kunja, amatenga adiresi imodzi n'kuigawira nyumba zambirimbiri. Njirayi imatchedwa CGNAT, ndipo mu 2012 kunapatulidwa manambala apadera a ntchito imeneyi, kuyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255. Munthu wa lendi uja tsopano akukhala m'bwalo la zitseko zambiri koma geti limodzi, ndipo makiyi a getilo ali ndi mwini malo. Mlembi wa mpingo akulozerani bwalo lolondola, koma simulowa.

Intaneti ya pa foni pafupifupi kulikonse padziko imayenda motere, ndipo marauta olowetsa SIM khadi, omwe adzaza m'nyumba za ku Dzivarasekwa ndi Epworth komwe fibre sinafike, ali m'gulu lomwelo pokhapokha mutapangana mwapadera ndi kampani. Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito movomerezeka mu Zimbabwe mu September 2024 ndipo anthu a mu Harare anaithamangira mpaka malo kutha, nayonso imagwiritsa ntchito CGNAT pa mapulani ake a pakhomo. Adiresi ya IPv4 ya kunja imapezeka pa mapulani ena okwera mtengo. Pa fibre ndi ADSL, intaneti yodzera pa waya wa telefoni, zimadalira kampani ndi phukusi lomwe munagula, choncho funsani m'malo mongoganizira.

Chopusitsa n'chakuti DDNS imaoneka ngati ikugwira ntchito. Rauta imalemba kuti zatheka, tsamba la kampani ya DDNS limasonyeza adiresi, chilichonse chili chobiriwira. Koma adiresi yolembedwayo ndi ya geti la kampani ya intaneti, ndipo port yomwe munatsegula m'rauta yanu palibe angaifikire. Apa ndi pomwe pamayambira mikangano pakati pa eni nyumba ndi amisiri oika makamera. Bambo amati, "Achimwene, inu munanena kuti ndiziona ndili kumudzi, nanga bwanji sizikuoneka?" Mmisiri amabweranso, amasintha port, amasintha dzina, amayesa kampani ina ya DDNS, osadziwa kuti vuto silili m'nyumbamo ayi.

Kuyesa kwake sikutenga mphindi ziwiri, ndipo kuyenera kuchitika musanagule chilichonse. Lowani m'rauta, pezani pomwe palembedwa WAN IP kapena Internet address, mulembe nambalayo. Kenako, muli pa Wi-Fi yomweyo, tsegulani limodzi mwa masamba osonyeza adiresi yomwe dziko likukuonerani. Manambala awiriwa akafanana, muli ndi adiresi ya kunja ndipo DDNS ikuthandizani. Akasiyana, kapena ya m'rauta ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti pali geti lina patsogolo panu.

Wopezeka kuseri kwa CGNAT sanathe mwayi. Atha kupempha kampani yake adiresi ya kunja, yomwe kawirikawiri imakhala yolipira. Akampatsa yosasintha, yomwe amati static IP, DDNS safunanso chifukwa palibe chosintha. Njira ina ndi IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi womwe ndi wochuluka moti chida chilichonse m'nyumba chimatha kukhala ndi yakeyake ya kunja. Starlink imapereka IPv6, ndipo makampani ambiri a DDNS amalandira maadiresi amenewa. Koma mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala nayo. Nyumba ikhoza kukhala ndi IPv6, inu n'kukafikira pa netiweki yomwe ilibe, basi simukumana. Ma DVR otchipa ambiri nawonso IPv6 saidziwa bwino.

Njira yomwe anthu ambiri akutsata, ena osadziwa n'komwe, ndi yotembenuza ulendo. M'malo moti foni igogode kunyumba, chida cha kunyumba ndicho chimatuluka kukalumikizana ndi seva ya kampani ina, foni nayo n'kupita ku seva yomweyo, n'kukumana kumeneko. Popeza uthenga wotuluka palibe amautsekereza, CGNAT siyisokoneza. Mukajambula QR code pa DVR ndi pulogalamu ya Hik-Connect kapena DMSS ya Dahua, ndi zomwe zikuchitikazo. Tailscale ndi ZeroTier zimachita zofanana koma pa zida zamtundu uliwonse, ndipo zili ndi mapulani aulere okwanira banja. Mtengo wake ndi wakuti mwaika munthu wachitatu pakati. Zida ziwirizo zikalephera kulumikizana mwachindunji, kanema amadzera ku seva ya kutali n'kumachedwa, ndipo kampaniyo ikadzatseka ntchito kapena kusintha malamulo, inu mulibe chonena. Komabe kwa mayi wa ku Tafara yemwe akungofuna kuona ngati geti latsekedwa, ine ndingamulangize njira imeneyi, osati kulimbana ndi ma port.

Tinene kuti muli ndi mwayi, adiresi ya kunja muli nayo, DDNS yagwira. Musafulumire kutsegula port yolunjika ku kamera. Anthu amaganiza kuti dzina lawo palibe akulidziwa, ndiye palibe angawapeze. Ofufuza safuna dzina. Mu 2013 akatswiri a ku University of Michigan anatulutsa pulogalamu ya ZMap yomwe imatha kugogoda maadiresi onse a IPv4 m'nthawi yosakwana ola limodzi, ndipo webusaiti ya Shodan yakhala ikusonkhanitsa mndandanda wa zida zotseguka kuyambira 2009. Mu 2014 kunatchuka tsamba lina lomwe linkaonetsa makamera oposa 70,000 a anthu padziko lonse, m'zipinda ndi m'mashopu, chifukwa chakuti eni ake sanasinthe mawu achinsinsi a ku fakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalowa m'makamera ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mawu achinsinsi odziwika okwana pafupifupi 60, n'kuwasandutsa gulu lankhondo. Pa 21 October chaka chomwecho gululi linaukira kampani ya Dyn, ija ya DynDNS, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasowa kwa maola angapo ku America ndi ku Ulaya.

Mawu achinsinsi olimba amathandiza koma sakwanira. Mu 2021 kunapezeka chilema m'makamera ambiri a Hikvision chomwe chinkalola munthu wakunja kulanda kamera popanda mawu achinsinsi n'komwe. Kampaniyo inatulutsa pulogalamu yokonza, koma ndi angati mwa ife analowapo m'DVR kukaika pulogalamu yatsopano chiigulireni? Kusintha nambala ya port, kuchoka pa 8000 kupita pa ina yachilendo, kumangochepetsa phokoso. Wofufuza wakhama amaipezabe.

Chomwe ndimaona kuti n'choyenera ndi kutsegula port imodzi yokha, yolowera ku VPN ya m'nyumba, yomwe ndi njira yachinsinsi yolowera m'netiweki yanu muli kutali, ndipo makamera onse akhale osaoneka kunja. VPN ya WireGuard, yomwe inalembedwa ndi Jason Donenfeld n'kulowa mu Linux mu March 2020, ndi yopepuka ndipo ili ndi khalidwe limodzi labwino kwambiri: wogogoda wopanda kiyi yoyenera siyimuyankha, moti kwa wofufuza port imaoneka ngati palibe kanthu. Marauta a MikroTik okhala ndi RouterOS 7 ali nayo kale, ena a TP-Link ndi Asus chimodzimodzi, ndipo kakompyuta ka Raspberry Pi kamatha kugwira ntchitoyi. Foni ikalumikizana, imakhala ngati ili pa Wi-Fi ya m'nyumba, ndipo 192.168.1.64 uja amayambanso kugwira ntchito muli ku Lilongwe. Pamenepa DDNS ikugwira ntchito yake yeniyeni, youza foni komwe nyumba ili lero. Kumbukirani kuti WireGuard imafunsa dzina pa nthawi yolumikiza yokha, ndiye adiresi ya kunyumba ikasintha muli m'kati, zimitsani VPN pa foni muyatsenso. Ndipo m'rauta zimitsani UPnP, chifukwa imalola zida kudzitsegulira ma port inu osadziwa.

Zotsala ndi za moto ndi bandulo. Rauta, kabokosi ka fibre ndi DVR zikazima, palibe DDNS kapena VPN yomwe ingakuonetseni kanthu, ndipo akuba amadziwa bwino nthawi ya mdima. Zida zitatuzi sizidya moto wambiri, choncho ziikidwe pa inverter kapena pa ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga moto magetsi akazima. Liwiro lofunika pano ndi lotumiza, osati lolandira lomwe makampani amalengeza. ADSL imatumiza pafupifupi 1 Mbps, pomwe kamera imodzi ya chithunzi chowala bwino imafuna 2 mpaka 4 Mbps. Pa 2 Mbps, ola limodzi loonerera limadya 900 MB, mbali ya kunyumba ndi mbali ya foni yomwe. Poonera muli kutali sankhani sub stream, chithunzi chochepa mphamvu koma chokwanira kuzindikira amene waima pageti.

Pomaliza kuika, mmisiri asachoke musanaone kuti akaunti ya DDNS, ya Hik-Connect kapena ya Tailscale yatsegulidwa ndi imelo yanu kapena nambala yanu, osati yake. Ambiri amagwiritsa ntchito yawo pofuna kufulumira, opanda cholinga choipa, koma zotsatira zake n'zakuti iye amatha kuona m'bwalo mwanu nthawi iliyonse, ndipo akasamukira ku Polokwane kapena kutaya foni, DVR imakhala yomangika ku akaunti yomwe simungaifikire. Makina a Hikvision salola kulembetsedwa ku akaunti yachiwiri asanamasulidwe ku yoyamba. Mawu achinsinsi muwasinthe iye ali pomwepo, kenako mumupemphe akuonetseni momwe mungagawire ana a ku Johannesburg ufulu woonera popanda kuwapatsa ufulu wosintha zinthu. Agogo otsala pakhomo ndi wantchito nawonso auzidwe kuti makamera aloza kuti ndipo akuonera ndani.